Tsiku Lomwe Ng'ona Inakwera Mlatho

Ku Nchalo, m'nyumba za anthu ogwira ntchito pafakitale ya shuga, aliyense ali ndi chake chimene chimamudya mtima akaweruka. Ena ndi nkhunda, ena ndi mpira, ena ndi botolo. Symon Fatchi, katswiri wa zamagetsi pafakitalepo, chake chinali sitima. Osati sitima zokwera anthu ayi, koma timitu ta sitima totalika ngati chitsononkho cha chimanga, toyenda ndi magetsi pa kanjanji kopapatiza ngati chala. Anali bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, imvi zitayamba kale kusuzumira m'ndevu, koma mukanamupeza atagwada m'shedi ya kuseri kwa nyumba yake akupukuta kagudumu ndi kathonje, mukanalumbira kuti akusambitsa khanda.

Matendawa anakawatenga ku Durban, kumene anatumizidwa ku maphunziro a miyezi itatu. Kumeneko ndi kumene anaona koyamba sitima yopanda utsi, yotambasula mkono m'mwamba n'kumayamwa magetsi pa waya. Mwana wa kwa Mbenje, amene anakula akuona njanji itamera udzu mbuzi zikugonapo, anaima pasiteshoni kukamwa kuli yasa mpaka basi inamusiya. Loweruka lotsatira, pamsika wa zinthu zakale, anapeza kamutu ka sitima yomwe ija, kofanana ndendende mpaka timabawuti ndi timakwerero tomwe, kungoti chilichonse chinachepetsedwa ka 87. Anabwera nako kumudzi atakakulunga m'sokosi.

Chiyambire pamenepo mtima wake sunakhalenso m'malo. Mnzake akamapita ku Joni, anthu ena ankamutuma nsapato ndi mabulangete, koma Symon ankamupatsira chithunzi cha sitima. Patatha zaka khumi ndi chimodzi anali ndi timitu tisanu ndi kamodzi. Panali kofiira ka ku Jeremani, kabuluu kamphuno yosongoka ka ku Falansa, ndi kachikasu kamene kanabwera kopanda mota, iye n'kukaikira ya m'wailesi yakale ya makaseti. M'shedi muja anaikamo matebulo awiri, lina kumanja lina kumanzere, njanji n'kuzungulira ponseponse. Mapiri anaumba ndi mapepala a matumba a simenti, munda wa nzimbe anadzala ndi tsache, ndipo mitengo ya magetsi inali masipoko a njinga. Pakati pa matebulo awiriwo, cha pakhomo, anamanga mlatho wa nthiti za ambulera, wotalika mkono umodzi ndi wolekeza m'chiuno. Pansi pa mlathowo panalibe kanthu koma simenti, imene anaipaka utoto wabuluu n'kuitcha Shire.

Mkazi wake Jesinta anazolowera. Ankauza anzake kumpopi kuti, "Inu mumadandaula za akazi a m'mabala. Ine mkazi mnzanga ali ndi magudumu, ndipo ndimadziwa kumene amagona."

Koma panali kamutu kamodzi kamene Symon ankakalota. Anakaona m'magazini yakale: sitima yobiriwira ya kumapiri a ku Switzerland, yamphuno zazitali kutsogolo ndi kumbuyo komwe, yokhala ndi mikono yachitsulo yopalasa m'mbali mwa magudumu. Anthu osonkhanitsa tisitima dziko lonse amaitcha Ng'ona. Atawerenga dzinalo anaseka mpaka misozi, poti munthu wa m'mbali mwa Shire ng'ona amaithawa, koma iye anaisaka zaka zisanu ndi zinayi. Potsiriza mkulu wina wa ku Bulawayo, amene ankacheza naye pagulu la pafoni la anthu odwala matenda omwewa, anavomera kusinthana. Symon anapereka kofiira ndi kabuluu, tonse tiwiri, osaphethira n'komwe. Mkuluyo anamuchenjeza mwachindunji kuti Ng'onayo ndi yakale, opanga ake anasiya kalekale, zipangizo zake sizipezekanso, ndipo thupi lake ndi chitsulo choumba chimene chikagwa sichipindika koma kusweka.

Inafika mwezi wa Juni ndi Hussein, dalaivala wa thiraki ya shuga. Symon anathamanga kuchokera pageti la fakitale mpaka kunyumba ali mu ovololo ndi jombo, kabokosi atakakumbatira pachifuwa.

"Mayi a Ella! Yafika! Bwerani mudzaone, koma musambe m'manja kaye!"

"Ndisambe m'manja kuti ndione ndi maso?" anafunsa Jesinta, koma anasamba ndithu.

Symon anaivundukula. Inali yolemera kuposa mmene imaonekera, yozizira m'manja, timawindo take tili ngwee. Symon anaikhazika panjanji, napotokola kagudumu ka pabokosi lowongolera. Nyali zitatu zapamphuno zinayaka, mikono ija inayamba kupalasa, ndipo Ng'ona inanyamuka mwaulemu, ikupinda thupi lake pokhota. Bambo wamkulu uja anadumpha, nagunda mutu ku phaso, osamva kupweteka. Ananyamula mkazi wake m'malere, chinthu chimene anachisiya chaka chimene Ella anabadwa.

Chisangalalocho chinasokonezeka ndi chinthu chimodzi. Nyengo yodula nzimbe minda imaotchedwa, ndipo phulusa lakuda limagwa ku Nchalo ngati mvula yowaza, n'kulowa paliponse, m'mphuno ndi m'sutikesi momwe. Linalowanso m'malumikiziro a kanjanji kaja. Magetsi ankaduka, Ng'ona n'kuima njii pakati pa ulendo, mpaka mwini wake aikankhe ndi chala. Kwa munthu amene amadzutsa makina ogaya nzimbe akafa, chimenechi chinali chipongwe. Loweruka lina m'mawa, kuli kachisanu, anatenga chowotcherera ndi mtovu, natsimikiza zowotcherera malumikiziro onse kuti njanji yonse ikhale chitsulo chimodzi.

Ali mkati mwa ntchitoyo anatulukira Alick, mlongo wake wa Jesinta, atanyamula milamba youma. Alick sukulu anailekeza sitandade 5, ndipo masiku amenewo ankagwira ntchito m'gulu la anthu oyala njanji yatsopano ku Marka. Anaima pakhomo la shedi akuyang'ana, kenaka anapukusa mutu.

"Alamu, mukuipha njanjitu apa."

"Ndikuichiza," anayankha Symon osatembenuka.

"Nkhabe, ayi. Njanji imafuna mpata. Ife ku Marka tisanamange mabawuti, kapitawo amayamba wayeza kutentha kwa chitsulo, ndipo pakati pa njanji ndi inzake timasiya kampata. Chitsulo chikamva dzuwa chimatalika. Chikasowa kolowera chimakhota ngati njoka. Lero ndi Juni, mwavala juzi. Nanga Okutobala, malata awa atapsa, matabwa awa atauma n'kufota?"

"Zimenezo ndinaphunzira ku koleji, alamu, ndipo ndinakhoza. Koma zanuzo ndi zitsulo zonyamula amuna khumi. Iyi ndi njanji yonyamula ndi zala ziwiri. Italika chiyani? Tsitsi?"

"Tsitsi pano, tsitsi apo, mukaphatikiza chizungulire chonsechi lakwana chala. Siyani mipata itatu yokha. Magetsiwo muwadutsitse pansi ndi kawaya. A magetsi ndinu, mudziwa kachitidwe kake."

Kunena zoona, nzeruyo inali yabwino, ndipo Symon anaimva kukoma kwake nthawi yomweyo. Ndicho chinamupsetsa mtima. Ikanachokera kwa mkulu wa ku Bulawayo uja, akanailemba m'kope n'kuyamika kawiri. Koma inachokera kwa mlamu wake wa zikhatho zokakala, amene kalata ya kubanki ankabwera nayo kwa iye kuti amuwerengere.

"Aliyense ndi ntchito yake, alamu," anatero akumwetulira. "Ine sindinabwerepo ku Marka kudzakuphunzitsani kusenza miyala."

Pachilamu pamaloledwa kunyogodolana, choncho Alick anaseka nawo, ngakhale mawuwo anamulasa. "Pyadidi, chabwino," anatero. "Njanji ndi yanu." Anatuluka kukapereka milamba kwa mlongo wake. Symon anawotcherera malumikiziro onse mpaka lomaliza, kenaka n'kukhomerera njanjiyo pamatabwa ndi timisomali kuti isasunthe ngakhale pang'ono.

Ndipo inayenda, abale, inayenda! Julaye yense, Ogasiti, Seputembala, Ng'ona inkazungulira osatsokomola ngakhale kamodzi. Symon ankaiyendetsa m'mamawa asanapite ku shifiti, tiyi ali m'manja, mtima uli mbee. Ankaijambula n'kutumiza pagulu lija, anthu a ku Harare ndi ku Cape Town n'kumamuyamikira. Mlamu wake akaimba foni, Symon ankamuuza kuti, "Njoka yanu ija sinabwerebe, alamu." Chimene sanachiganizire n'chakuti nyengo yogaya nzimbe iye masana onse amakhala kufakitale, ndipo shedi yakeyo anali asanailowepo dzuwa lili paliwombo.

Kuntchito kunali Shadreck wa kumaboila, munthu wa mawu aakulu, amene sankatopa kumuseka. "A Fatchi, zidole zija zadya kale?" Tsiku lina Symon anatopa nazo. Anaimirira m'kantini nalengeza kuti pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, wani koloko masana kuti a shifiti yam'mawa akhale ataweruka, aliyense wofuna abwere adzaone sitima yamagetsi yoyamba kuyenda m'chigwa cha Shire. Ndipo yotsegulira njira idzakhala Ng'ona.

Sabata yonseyo panyumba panali kalikiliki. Jesinta anasoka timatumba tokwana chikhadabo, n'kuthiramo shuga weniweni, kuti Ng'ona ikoke mabogi asanu ndi atatu a katundu. Anaphika thobwa chidebe chathunthu. Symon anapaka mapiri utoto watsopano, nachapa ovololo yake mpaka kuisita, chinthu chimene palibe wamagetsi anachitapo chiyambire.

Tsikulo linacha ndi ukali. Amene sanakhalepo ku Chikwawa mwezi wa Okutobala asanene kuti amalidziwa dzuwa. Pofika teni koloko nkhuku zinali zitatambasula mapiko pansi pa mtengo wa nimu, milomo ili pululu. Munda wina wapafupi unkaotchedwa, phulusa likugwa, choncho Symon anatseka chitseko ndi mawindo a shedi kuyambira m'mawa kuti njanji yake isade. Wani koloko atatsegula, mpweya umene unatuluka unali wa mu uvuni ya buledi. Koma ndani anasamala? Anthu anadzaza bwalo: odula nzimbe, a kumaboila, amayi a m'nyumba zoyandikana atavala zitenje zawo zatsopano za tsikuli. Anathithikana m'shedimo mpaka ena kumasuzumira pamapewa a anzawo, thukuta lili kamukamu.

"Taonani mlatho! Eee, koma ndi ambulera imeneyi?"

"Nzimbe zomwe zilipo! A Fatchi, mwatilemba ntchito liti m'munda umenewu?"

Symon anatulutsa timitu take tonse n'kutindanditsa pasiteshoni. Ankafotokoza kalikonse kwawo ndi msinkhu wake. Atafika pa Ng'ona anaikweza m'mwamba ndi manja awiri, anthu n'kuwomba m'manja isanayende n'komwe.

Alick anali atabwera, woitanidwa ndi mlongo wake. Pamene anthu ankayang'ana Ng'ona, iye anagwada cha pakhomo, natsinzina diso limodzi, n'kuyang'ana motsatira njanji monga amachitira kuntchito kwake. Anadzuka, nakoka mlamu wake ovololo, n'kumunong'oneza kuti ena asamve.

"Alamu, polowera pamlathopa pakhota. Tagwadani muone ndi diso limodzi."

Symon sanagwade. Anayang'ana ali chiimire ndi maso onse awiri, komabe anakaona kanthu, kakang'ono, ngati njanji yatupa mbali imodzi.

"Tsegulani mawindo, anthu amwe thobwa, tidikire dzuwa lipendeke," anapitiriza Alick. "Kapena tumizani kachikasu kaye kakaone njira. Ifenso njanji yatsopano timayamba ndi ngolo yopanda kanthu. Musayambe ndi iyi, alamu. Iyi ilibe inzake."

Nthawi yomweyo Shadreck anayambitsa nyimbo akumenya chitseko ndi chikhatho. "Ng'o-na! Ng'o-na! Ng'o-na!" Shedi yonse inalandira. Symon anayang'ana nkhope zonsezo, nayang'ananso mlamu wake. Kudikira kukanatanthauza kufotokoza chifukwa, ndipo kufotokoza chifukwa kukanatanthauza kuvomera pamaso pa Shadreck kuti katswiri wa zamagetsi waphunzitsidwa ndi wosenza miyala.

"Miyezi inayi yadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku," ananong'oneza. "Khalani pansi musangalale, alamu."

Anakoloweka mabogi, naimba likhweru la mpira limene anabwereka, napotokola kagudumu kaja. Nyali zitatu zinayaka. Amayi ena kumbuyo anakuwa, "Mayo, yatsegula maso!" Mikono inayamba kupalasa, pang'onopang'ono, kenaka mwamphamvu, mabogi a shuga akutsatira m'mbuyo. Ng'ona inadutsa m'munda wa nzimbe, inakhota, inalowa m'phanga la phiri n'kusowa. Anthu anagwira mpweya. Itatulukira mbali ina nyali zili ngwee, nthungululu zinang'amba malata. Odula nzimbe ankapondana mapazi. Shadreck, Shadreck yemwe uja, anavula chipewa n'kufuula, "A Fatchi, ndagonja! Si chidole ichi! Tiperekeni ku Limbe!"

Mawu amenewo Symon anawadikira zaka khumi ndi chimodzi. Anamva ngati chifuwa chake chiphulika. Anaseka, misozi ikusakanikirana ndi thukuta, ndipo m'chisangalalo chomwecho dzanja lake linawonjezera liwiro.

Ng'ona inatsika phiri ikuthamanga, n'kulunjika pamlatho. Magudumu akutsogolo atafika pamene panakhota paja anakwera pamwamba pa njanji. Mphuno inapatuka, thupi lonse linatsatira, linathyola nthiti ziwiri za ambulera, ndipo mabogi asanu ndi atatu anaikankha kumbuyo. Alick anadziponya ndi manja onse awiri, koma panali miyendo ya anthu. Phokoso lake silinali lalikulu. Inangoti phwa, ngati kapu yadothi.

Pasimenti yabuluu ija panali mphuno imodzi payokha, thupi litang'ambika pakati, mikono itathyoka, shuga ali mbwee. Kagiya kena kankagudubuzikabe pakati pa mapazi a anthu. Ali chiyang'anire choncho, njanji ya polowera pamlatho inalira kuti twa, n'kuzula timisomali take, n'kudzuka yokha kutalika kwa mkono wathunthu aliyense akuona.

Anthu anatuluka mmodzimmodzi. Amayi ankadutsa pafupi naye n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani, bambo a Ella," monga amachitira pamaliro, ndipo palibe anaseka. Shadreck anatuluka chipewa chili m'manja. Thobwa linatsala chidebe chosayamba.

Symon anakhala pansi pasimentipo, miyendo atatambalala. Zinamupweteka kwambiri, ndipo sanabise. Analira. Manyazi analipo, koma chimene chinamuwawa koposa chinali kusowa womuloza chala. Likanakhala phulusa, kapena magetsi, kapena munthu woigunda ndi chigongono, akanapeza potulutsira mkwiyo. Koma anauzidwa kawiri, mwaulemu, kachiwiriko monong'ona kuti asachite manyazi, ndipo kawiri konseko anadziwa mumtima kuti akuuzidwa zoona.

Alick anagwada n'kumatola tizidutswa kamodzikamodzi, akutipukuta shuga ndi chala, n'kumaika m'chipewa chake. Jesinta anaima pakhomo atagwira pakamwa.

"Alamu," anatero Symon patapita nthawi, "bwanji simunandigwire dzanja?"

"Pamaso pa anthu onse aja? Mukanandiluma."

Symon anagwedeza mutu, poti zinali zoona.

"Ndipo ine," anapitiriza Alick akuyang'ana m'chipewamo, "ndinkafuna kuiona ikuwoloka. Ndayala njanji zaka ziwiri, sitima yamagetsi sindinaioneko. Ndinabwera dzulo kuchokera ku Marka chifukwa cha iyoyi."

Mawu amenewo anamulasa Symon kuposa kugwa kwa Ng'ona. Anali asanaganizepo kuti munthu amene ankamuyesa wotsutsa ndi amene ankaikonda sitimayo pafupifupi ngati iye mwini.

Anayesetsa milungu isanu ndi umodzi. Anamata, anawotcherera, anasula timikono tatsopano ndi waya. Analembera a ku Bulawayo, a ku Harare ndi a ku Cape Town, onse n'kuyankha mofanana kuti chitsulo choumba chikasweka chasweka. Ng'ona sinayendenso. Munthu amene amadzutsa makina olemera kuposa nyumba analephera kudzutsa kanthu kokwana m'dzanja, ndipo kofiira ndi kabuluu tija tinali titapita kale.

Lamulungu lina, mvula yoyamba isanagwe, anthu anamuona akukwera minibasi ya ku Nsanje, m'thumba la malaya muli kasowo kodulira zitsulo. Anakafika mpaka ku Marka, kumsasa wa oyala njanji, nakhala pansi pamaso pa mlamu wake ndi anzake onse, n'kutambasula pepala limene anajambulapo njanji ya m'shedi mwake.

"Alamu," anatero, "ndilozereni podula. Ndatsala ndi tinayi, ndipo sindikufuna kuikanso maliro."

Alick anapukuta manja pabuluku, natenga pensulo, n'kulemba timizere titatu. Ntchito yonseyo sinatenge mphindi imodzi. Symon anayang'ana timizereto nthawi yaitali, akuganiza za zaka zisanu ndi zinayi zimene anasaka Ng'ona ndi miyezi inayi yokha imene anakhala nayo. Pamenepo ndi pamene anamvetsa zimene makolo ankatanthauza ponena kuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.